Nkhalango ya miyala 20: momwe masewero angaphunzitsire ana kusamala mitengo

Mtengo wa mlombwa umatenga zaka makumi angapo kuti ukhwime, koma nkhwangwa imaugwetsa m'mawa umodzi. Kusiyana kumeneku n'kovuta kukuonetsa pabolodi, chifukwa nkhalango imatha pang'onopang'ono, ndipo mwana wa Sitandade 6 sanaione pomwe inali yowirira. Apa ndi pomwe masewero amathandiza, pakuti amapanikiza zochitika za zaka zambiri m'phunziro limodzi.

Ana a m'dera la Mfumu Yaikulu Mavwere m'boma la Mchinji amakula akuona mitengo ikugwa pa zifukwa zodziwika. Chigafa cha fodya chimafuna mitengo, uvuni wa njerwa umadya nkhuni, ndipo makala ali ndi msika mumzinda wa Lilongwe. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 600,000 m'bomali, ndipo m'dziko muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Mchinji ndi komwenso kumachokera mtsinje wa Bua, choncho mitengo ikatha kumeneko, vuto limatsika ndi madzi mpaka ku Nkhotakota.

Amodzi mwa masewero omwe mphunzitsi angagwiritse ntchito safuna ndalama. Ajambule bwalo pansi n'kuikamo miyala 20, yoimira mitengo ya nkhalango ya m'mudzi. Ana agawidwe m'magulu anayi, gulu lililonse likhale banja. Ulendo uliwonse ukuimira chaka, ndipo banja litenge miyala yomwe likufuna koma isapose isanu. Chaka chikatha, mphunzitsi awonjezere mwala umodzi pa mwala uliwonse wotsala, malinga yonse pamodzi isapitirire 20.

Gulu lililonse likatenga isanu poopa kuti anzawo awatsogolera, bwalo limatsala mbee chaka choyamba chomwecho, ndipo palibe chophukira. Koma likatenga iwiri yokha, imatsala miyala 12 ndipo nkhalango imadzazanso. Pakutha pa zaka 10, banja lililonse limakhala litatola miyala 20 m'malo mwa isanu, nkhalango ikadali chilili. Ana amawerengetsera okha masamuwa, popanda wowalalikira.

Phunziro lalikulu limabwera akaloledwa kukambirana asanayambirenso. Amayenera kugwirizana mlingo wa aliyense, kusankha mlonda, ndi kupeza chilango cha wophwanya pangano. Elinor Ostrom, yemwe adalandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, adaonetsa kuti anthu ogwiritsa ntchito nkhalango, msipu kapena madzi amodzi amatha kuzisunga bwino akadziikira okha malamulo n'kumalondana. Lamulo la zankhalango la 1997 limayenda m'njira yomweyo, pakuti limalola midzi kukhala ndi nkhalango zake zoyang'aniridwa ndi makomiti a m'mudzi. Mwana amene wakanganapo ndi anzake pa miyala samva zachilendo akaona komiti yotere ikulipiritsa wodula mtengo mosaloledwa.

Masewero ozolowereka nawonso angasinthidwe. Pa chipako, wothamangitsa anzake akhale madzi osefukira, ndipo ana angapo aime ngati mitengo yomwe woigwira sapakidwa. Mitengoyo ikamachepetsedwa, ogwidwa amachuluka, ndipo nkhani ya kukokoloka kwa nthaka yayambika. Mpira wachikulunga, womwe ana amamanga ndi majumbo otola, ndi poyambira pabwino pokamba za mapulasitiki opyapyala, omwe boma lidaletsa mu 2015 ndipo khothi lalikulu la apilo lidavomereza chiletsocho mu 2019.

Malo ochitira zimenezi alipo kale. Maphunziro a ulimi ndi a zachilengedwe ali pandandanda wa kupulaimale, ndipo bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe lidayamba mu 1947, limagwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu.

Komabe masewero ali ndi malire ake. M'kalasi la ana ochuluka, ena amangoonerera, choncho pamafunika mabwalo angapo panja. Akatha osafunsana zomwe zachitika, ana amangokumbukira amene wapambana. Ndiponso miyala siichotsa umphawi womwe umatumiza bambo kukaotcha makala, ndipo mwana sayenera kubwerera kunyumba akuona makolo ake ngati zigawenga. Zokambirana zifike pa zotheka, monga mbaula za Chitetezo zosatha nkhuni, kusiya zitsa kuti ziphukire, ndi kubzala mitengo ngati nsangu m'munda.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Sukulu yomwe yasewera masewerowa mvula isanagwe ingapatse gulu lililonse mbande zake zoti lisamalire, n'kudzawerenga chilimwe chotsatira kuti zapulumuka zingati. Chiwerengero chimenecho ndicho chingaonetse ngati phunziro lalowa.