Chifukwa chake Ruby sapeza nambala yomwe ili poyera

Uthenga womwe ophunzira Ruby amandifunsa kawirikawiri ndi woti "uninitialized constant". Nambala ili apo, dzina lake lalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, koma kompyuta ikukana kuti siikuidziwa.

Ruby, chinenero cholembera mapulogalamu chomwe Yukihiro Matsumoto wa ku Japan anatulutsa mu 1995, salola class kukhala ndi makolo awiri. M'malo mwake muli module, mtolo wa malangizo womwe ma class angapo amabwereka polemba include. Kubwerekanaku ndiko timati mixin, ndipo Comparable ndi Enumerable ndi zitsanzo zomwe zimabwera ndi Ruby yemweyo.

Tiyerekeze kampani yonyamula katundu. Ili ndi class ya Kalata ndi ya Phukusi, iliyonse ndi constant yake yotchedwa MTENGO, nambala yosayenera kusinthidwa. Malangizo owerengera ndalama ali mu module ya Malipiro, yomwe onse awiri amabwereka. Munthu akalemba MTENGO payekha mkati mwa Malipiro, pulogalamu imaima ndi NameError, uthenga uja woti "uninitialized constant".

Gwero lake ndi kafufuzidwe. Ruby akafuna method (malangizo ochitira ntchito inayake), amayambira pa chinthu chomwe chikugwira ntchito panthawiyo. Akafuna constant, amayambira pomwe mzerewo unalembedwa: mu module momwemo, m'ma module oizungulira, mwa makolo ake, pomaliza mu Object. Kalata mulibe mumndandandawu. Malipiro ali ngati khasu lobwereketsa, silidziwa munda womwe likalime mawa.

Mankhwala ake ndi mawu ochepa: self.class::MTENGO. Apa Ruby akuuzidwa kuti afunse kaye chinthucho kuti ndi cha class iti, ndipo akatenge nambala kumeneko. Kalata amalandira mtengo wake, Phukusi wakenso, ndipo class yobadwa kwa Phukusi ikaika MTENGO wina, womwewo ndiwo umatengedwa. Module ikalowa kudzera mu extend, self amakhala class yeniyeniyo, choncho self::MTENGO ndi wokwanira. Dzina la constant likamadziwika pulogalamu ili mkati moyenda, const_get ndiye amathandiza.

Ochokera ku chinenero cha Python amadabwa kwambiri, poti kwawoko self.MTENGO amafika yekha ku class popanda vuto.

Nkhaniyi imakhudza ntchito zazikulu, chifukwa Rails, pulogalamu yolembedwa mu Ruby yomwe David Heinemeier Hansson anatulutsa mu 2004 ndipo GitHub ndi Shopify amagwiritsa ntchito, imadalira ma module otere pansi pa dzina loti concerns. Ine ndimalangiza kuti class iliyonse ikhale ndi method yotchedwa mtengo, module izingoiitana. Wowerenga amaona msanga chomwe module ikuyembekezera kwa woibwereka, ndipo poyesa pulogalamu nambalayo imasinthika mosavuta.