Achinyamata otola pulasitiki akufuna mpamba, osati masikipa

Pa tchuthi chapitachi ndidapita ku Blantyre kukaona mbale wanga amene adali m'chipatala. Nditangotsika minibasi ku Limbe ndidamva wina akukuwa kuti, "Aphunzitsi! Aphunzitsi!" Kucheuka, ndidaona mnyamata akukankha njinga itasenza matumba atatu akuluakulu a mabotolo a pulasitiki. Adali mwana amene ndidamuphunzitsa kwathu kumudzi zaka zinayi zapitazo. Adakhoza bwino mayeso a MSCE koma mwayi wopitiriza maphunziro sudapezeke, choncho adalowera m'tauni monga amachitira ambiri.

Tidakhala pansi pa khonde la sitolo ina ndipo adandifotokozera kuti iye ndi anzake asanu, atsikana awiri ndi anyamata atatu, adapanga gulu lotola mapulasitiki m'misika ndi m'ngalande n'kumagulitsa. Nditamufunsa ngati alipo amene amawathandiza, adaseka. "Aphunzitsi, bungwe lina lidatiitanapo kawiri. Tidasesa msika, adatijambula, adatipatsa masikipa ndi zakumwa. Patatha sabata ngalande ija idadzazanso. Ife chomwe tikusowa ndi sikelo, wilibala ndi malo osungira katunduyu."

Mawu amenewa akhala akundivutitsa maganizo. Ndalama zothandizira achinyamata pa nkhani ya zinyalala zimatuluka ndithu, koma zambiri zimathera pa mwambo wa tsiku limodzi. Ntchito yeniyeni, ya tsiku ndi tsiku, imatsala yopanda mwini.

Vuto la pulasitiki si lachilendo kwa aliyense amene adaonapo mtsinje wa Mudi ku Blantyre kapena wa Lilongwe pafupi ndi msika waukulu. Makhonsolo amatola gawo chabe la zinyalala n'kukataya ku Mzedi kapena ku Area 38. Zotsalazo, makamaka m'madera odzaza anthu monga Ndirande, Bangwe, Mtandire ndi Chinsapo, zimawotchedwa kapena kudikira mvula kuti izikokolole. Majumbo ndi mabotolo akatseka ngalande, madzi amasefukira m'nyumba ndi m'zitsime, ndipo otsala m'zithaphwi amaswetsa udzudzu. Dziko limene lidataya anthu oposa 1,700 ndi kolera m'zaka za 2022 ndi 2023 siliyenera kuiona nkhani ya ngalande ngati yamasewera.

Kumbali ya malamulo, tidayesetsa. M'chaka cha 2015 boma lidaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60. Makampani ena adakamang'ala kukhoti, koma mu 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene adali patsogolo pomenyera nkhaniyi, adalandira mphoto ya Goldman mu 2021. Komabe lamuloli likukhudza mapulasitiki opyapyala okha. Mabotolo a madzi ndi a zakumwa, zigubu zosweka, mabeseni ndi timapaketi ta sopo zikadali nafe, ndipo pafunika manja oti azitola.

Manja amenewo alipo kale, ndipo ambiri ndi a achinyamata. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti malonda a pulasitiki ndi ovuta. Pulasitiki ndi wopepuka koma amadya malo. Thumba lalitali kuposa munthu limalemera makilogalamu ochepa chabe, pomwe ogula amalipira pa kilogalamu. Ukachita hayala galimoto, ndiye kuti ukulipirira mpweya wa m'mabotolo. Komanso mapulasitiki ali m'mitundumitundu: wa botolo la madzi sasungunulidwa pamodzi ndi wa chigubu, ndipo wa chigubu ndi wosiyana ndi wa jumbo. Wogula amafuna katundu wosankhidwa bwino, woyera ndi wochuluka. Gulu lopanda posungira limakakamizika kugulitsa tsiku lomwelo, pa mtengo ndi pa sikelo ya wogulayo. Apa ndi pamene thukuta la achinyamata limalemeretsa ena.

N'chifukwa chake ndikuti thandizo loyamba likhale zipangizo: sikelo yawoyawo, mawilibala kapena ngolo, magolovesi ndi majombo, kashedi kotchinga ndi mpanda, ndipo magulu akaphatikizana, makina opanikizira mabotolo kuti akhale mabelo. Zonsezi mtengo wake sungafike pa ndalama zimene zimapita ku msonkhano wa masiku atatu kunyanja.

Ena anena kuti achinyamatawo akatenge ngongole ku thumba la ngongole la boma kapena kubanki mkhonde. Ngongole ili ndi malo ake, koma tiyeni tinene zoona. Phindu la pa kilogalamu ndi lochepa kwambiri moti silingabweze ngongole ndi chiwongoladzanja m'miyezi yochepa. Kuonjezera apo, mapulasitiki ena alibe wogula ngakhale mmodzi, chonsecho ndi omwe amatseka ngalande. Wotola zoterezi akugwirira ntchito mzinda wonse, choncho ayenera kulipidwa monga timalipirira wokonza msewu.

Maiko ena adazindikira kale zimenezi. Mumzinda wa Pune ku India, otola zinyalala adapanga kopaletivi yotchedwa SWaCH imene idagwirizana ndi khonsolo kuyambira m'chaka cha 2008. Mamembala ake amayenda khomo ndi khomo, eni nyumba amapereka kangachepe pamwezi, khonsolo imathandiza ndi zipangizo, ndipo zomwe zingagulitsidwe ndi za otolawo. Ku Nairobi m'dziko la Kenya, mtsikana wina dzina lake Nzambi Matee adayambitsa kampani ya Gjenge Makers yosakaniza pulasitiki ndi mchenga n'kuumba njerwa zoyala pansi. Mu 2020 nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe idamupatsa mphoto ya achinyamata. Koma asadafike pa mphotoyo adafunika makina, malo ndi nthawi yoyesa n'kulephera. Ku South Africa nako, kuyambira 2021 malamulo amakakamiza makampani opanga ndi kugulitsa katundu wa m'mapaketi ndi m'mabotolo kulipirira ntchito yotolera zinyalala zawozo.

Mfundo yomalizayi sitifunika kukaiphunzira kunja. Kodi mudaonapo botolo lagalasi la zakumwa zoziziritsa kukhosi litatayidwa m'ngalande? N'kovuta, chifukwa lili ndi mtengo. Wagolosale salola kuti uchoke nalo usadasiye chikole. Botolo la pulasitiki limatayidwa chifukwa ukangomwa zam'katimo silikhalanso kanthu, kupatula ochepa amene amayi athu amathiramo thobwa. Kampani iliyonse yogulitsa zakumwa m'mabotolo oterewa itamapatula kandalama pa botolo lililonse n'kuika m'thumba lolipirira otola, misewu yathu ingayere popanda kuitana oimba ndi ovina.

Makhonsolo nawo ali ndi poyambira. Tsiku lililonse amatolera ndalama za ziphaso m'misika. Gawo lina la ndalamazo lingalipire gulu la achinyamata a m'dera lomwelo, pa mgwirizano wolembedwa, molingana ndi kulemera kwa zomwe atola. Khonsolo ilinso ndi malo, ndipo kupereka kangodya ka msika koikapo shedi sikufuna ndalama za kunja. Aphungu athu akumbukire kuti mlatho umene amanga sukhalitsa ngati pansi pake patsekeka ndi zinyalala. Tsiku losesa dziko lonse limene boma lidakhazikitsa mu 2020 lidali ganizo labwino, koma kusesa kamodzi pamwezi sikungalowe m'malo mwa anthu olipidwa ogwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku.

Kwa mabungwe otithandiza, pempho langa n'lakuti thandizo likhale laling'ono koma lokhalitsa. Ndalama zochepa zobwera mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu zimamanga gulu kuposa mulu wa ndalama wofunika kutha m'miyezi itatu. Mafomu ofunsira thandizo akhalenso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, chifukwa pakadali pano amene amapambana ndi odziwa kulemba Chingerezi chokoma, pomwe odziwa fungo la ngalande amatsalira. Ndalama zingathe kutumizidwa pafoni molunjika kugulu, zisadutse m'manja ambiri.

Achinyamata nanunso muli ndi mbali yanu. Mwana wanga uja ndidamufunsa ngati gulu lawo lili ndi buku lolembamo zolowa ndi zotuluka. Adayang'ana pansi. Palibe amene angaike ndalama zake m'thumba lobooka. Lembetsani gulu lanu, sankhani msungichuma wokhulupirika, lembani kilogalamu iliyonse, ndipo atsikana asamangokhala otsuka mabotolo pomwe anyamata akugwira ndalama. Pewaninso kuwotcha kapena kusungunula pulasitiki pamoto wa nkhuni, pakuti utsi wake umawononga mapapo.

Wina angafunse kuti mphunzitsi wa kumudzi zikumukhudza bwanji za m'tauni. Zikundikhudza chifukwa chaka chilichonse ndimatsanzikana ndi ana a Fomu 4 ndikudziwa kuti ambiri mwa iwo akathera komweko. Komanso majumbo sadziwa malire a mzinda. Tsiku la msika likatha pano pathu, amangoti mbuu m'minda, ndipo opha mbuzi amawapeza m'mimba mwa ziweto zathu.

Tisadasiyane, ndidalowa naye musitolo mnyamata uja n'kumugulira kope ndi cholembera. Ndidamuuza kuti ndikadzabweranso ndidzafuna kuona masamu ake monga ndinkachitira m'kalasi. Kope ndidakwanitsa ndi malipiro anga a uphunzitsi. Sikelo, shedi ndi mgwirizano wa ntchito zikudikira inu a khonsolo, aphungu ndi eni makampani, mvula isadayambenso.