GALIMOTO YOGONAMO: KUSANKHA VANI NDI KUISANDUTSA NYUMBA YA PAULENDO

Munthu amene wagwira nchito zaka zambiri ku migodi ya ku Kitwe, Mufulira kapena Chingola, tsiku limene alandira ndalama zace za penshoni apeza aphungu ambiri pakhomo. Wina amuuza kuti amange nyumba ya lendi ku Kanyama, wina kuti atsegule kagolosale ku Chawama, ndipo wina kuti agule galimoto. Mwa iwo amene asankha galimoto alipo ena ofuna vani yoti adziyendera nayo kumudzi kapena kokagula mbeu, yokhala ndi malo ogona ndi ophikira m'kati mwace, kuti asamataye ndalama ku nyumba za alendo. Ganizo limeneli si loipa ai, koma nchito yace ifuna nzeru, pakuti pali zinthu ziwiri zimene zingatayike munthu akacita mosasamala: ndalama za thukuta lace, ndi moyo wa banja lace.

Luso losandutsa vani kukhala nyumba silinayambe dzulo. Ku Germany, kampani ya Volkswagen inayamba kupanga galimoto yochedwa Kombi m'caka ca 1950, ndipo m'caka cotsatira amisiri a kampani ya Westfalia anayamba kuikamo bedi, kabati ndi tebulo. Magalimoto amenewa anafalikira m'maiko ambiri, ndipo otsiriza anapangidwa ku Brazil mu 2013. Kuno ku Zambia magalimoto ogonamo aoneka kawirikawiri ndi alendo opita kukaona nyama ku Mfuwe kapena mathithi ku Livingstone. Koma luso losintha m'kati mwa vani liripo kale m'makomboni a Lusaka. Pamene kampani ya Boma ya mabasi, United Bus Company of Zambia, inatsekedwa mu 1995, nchito yonyamula anthu inatsala m'manja mwa eni maminibasi, ndipo kuyambira masiku amenewo amisiri owocherera zitsulo akhala akuika mipando m'mavani ocokera ku Japan. Manja amene adziwa kumanga mpando angathenso kumanga bedi.

KODI VANIYO NJA NCHITO YANJI?

Funso loyamba si la mtengo, koma la ulendo. Munthu wa ku Matero amene kwao ndi ku Chipata ali ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570 pa mseu wa Great East Road, ndipo pakati pace pali zitunda zazitali ndi makona oopsa a kufupi ndi mlatho wa Luangwa. Wopita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, ayenda m'mwezi wa August, nthawi ya fumbi ndi mphepo; wopita ku Nc'wala ku Mtenguleni ayenda mu February, mvula iri pakati ndi njira za kumidzi ziri matope okha okha. Wogula nshawa ndi nyemba ku Petauke kapena ku Lundazi afuna malo a matumba kuposa malo a tebulo. Cotero munthu ayambe wakhala pansi ndi mkazi wace, awerenge anthu amene adzagonamo, katundu amene adzanyamulidwa, ndi mtundu wa njira zimene galimotoyo idzapitamo. Akalephera kucita ici adzagula vani yaing'ono imene idzamupanikiza, kapena yaikuru imene idzamumwera mafuta.

Vani yodziwika koposa m'Lusaka ndiyo Toyota Hiace, imene inayamba kupangidwa mu 1967. Ubwino wace waukuru ndi wakuti makanika ali yense aidziwa, ndipo zitsulo zace zipezeka m'tauni iri yonse ya m'njira. Galimoto yokongola ya ku Ulaya ingathe kuima mwezi wathunthu ku Nyimba kudikira kacitsulo kamodzi, pamene Hiace ikonzedwa tsiku lomwelo. Mtundu umene unayamba mu 2004 uli ndi misinkhu yosiyana. Wamba ndi wa mamita 4.7 m'litali, ndipo malo a kumbuyo kwa woyendetsa ndi mamita 3. Wautali koposa upitirira mamita 5 ndipo uli ndi denga lokwera. Komabe ngakhale m'vani ya denga lokwera munthu wamkuru sangathe kuimirira coongoka, ndipo popeza m'mimba mwa vani wamba ndi mwa mita imodzi ndi theka cabe, bedi liyenera kugona motsata litali la galimoto.

Pa za injini, ya dizilo ikoka bwino pa citunda ndi katundu wolemera ndipo simwa mafuta kwambiri, koma ikaonongeka mapampu ace ndalama zokonzera ziri zambiri. Ya petulo ndi yapafupi kukonza, koma pa ulendo wautali ilowa m'thumba.

KUYESA GALIMOTO ISANAGULIDWE

Magalimoto ambiri a m'dziko muno agulidwa atagwira kale nchito ku Japan, kumene ayendera ku dzanja lamanzere la mseu monga kuno. Afika pa sitima ya pamadzi ku Dar es Salaam nalowera pa Nakonde, ena adzera ku Durban kapena ku Walvis Bay. Woitanitsa yekha akumbukire kuti mtengo wolembedwa pa intaneti si wotsiriza ai: pali ndalama za sitima, za kuyesa galimoto isanakwezedwe, za msonkho wa Zambia Revenue Authority, ndi za kulembetsa. Ena akonda kugula vani imene iri kale m'dziko, ndipo apa mpofunika maso akuthwa, cifukwa vani imene yakhala zaka zisanu ikuthamanga pakati pa Kulima Tower ndi Mtendere, yodzaza anthu kuyambira m'bandakuca mpaka usiku, yatopa ngakhale utoto wace ukhale wonyezimira. Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wogula apite ndi makanika wace, osati wa mwini galimoto, ndipo apite m'mawa injini isanalizidwe, pakuti injini yodwala idziulula ikali yozizira. Utsi wobiriwira monga wa fodya usonyeza kuti injini ikudya oilo. Utsi woyera wosaleka usonyeza kuti madzi akulowa kumene sayenera kulowa. Atsegule pothirira oilo, ndipo akaona thobvu longa mkaka adziwe kuti madzi ndi oilo zasakanizana. Injini ya Hiace iri pansi pa mipando ya kutsogolo, ndipo ikatentha mopitirira pa citunda mutu wace ung'ambika. Cotero aone bwino ngati madzi sakudontha pena pace. Afunsenso tsiku limene lamba wa m'kati mwa injini ya dizilo anasinthidwa, cifukwa lamba ameneyu akaduka paulendo aononga injini yonse.

Atatha izi agone pansi ndi toci, ayang'ane kunsi kwa galimoto. Kumpoto kwa Japan kugwa cipale cambiri, ndipo m'miseu athiramo mcere umene udyetsa citsulo ndi dzimbiri. Dzimbiri la pa citseko liri ndi mankhwala, koma la pa mafupa a galimoto liribe. Manambala osonyeza mtunda umene galimoto yayenda angathe kubwezedwa m'mbuyo ndi anthu acinyengo, koma ciwongolero cosalala, mpando wophwa ndi zopondera zakutha sizinama.

Cotsiriza ndi mapepala. Nambala yodindidwa pa thupi la galimoto ndi ya pa injini zifanane ndi zolembedwa m'buku la galimotoyo, ndipo dzina la m'bukumo likhale la munthu amene akulandira ndalama. Kusintha umwini kucitika ku Road Transport and Safety Agency, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la 2002. Munthu wopereka ndalama asanaone mapepala angadzapezeke ali ndi galimoto yakuba kapena ya ngongole, ndipo apolisi akadzaitenga sadzambwezera kanthu.

KUMANGA ZA M'KATI

Asanadule kapena kuboola ciri conse, mwini afunse ku bungwe lomwelo za malamulo a kusintha maonekedwe a galimoto ndi ciwerengero ca mipando, ndipo auzenso a inshuwalansi. Safunsa anadya phula. Cifukwa ca malamulo amenewa cinaoneka poyera ku South Africa, kumene mavani ambiri a mtundu wa Toyota Quantum, opangidwira katundu, anadulidwa mazenera ndi kuikidwa mipando kuti adzinyamula anthu. Mu 2019 ofesi ya Public Protector ya dzikolo inatulutsa lipoti lodzudzula mcitidwewu, popeza magalimotowo sanamangidwe kuti ateteze anthu pa ngozi. Phunziro lace nlakuti vani ya katundu iri ndi pansi popyapyala, ndipo mpando womangidwa pamenepo ndi timisomali ungazuke pamodzi ndi munthu wokhalapo. Mpando uli wonse wokhalapo munthu galimoto ikuyenda umangidwe ndi mabauti opyola pansi, okhala ndi citsulo cocindikala kunsi kwace, ndipo ukhale ndi lamba wace. Mizati ya m'mbali ndi nthiti za denga zisadulidwe konse, pakuti ndizo zigwira denga galimoto ikagubuduzika. Ndipo pa bedi pasagone munthu, ngakhale mwana, pamene galimoto iri paulendo.

Amisiri a nchito imeneyi sali kutali. M'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga muli owocherera zitsulo ndi opala matabwa ambiri, ndipo matabwa apezeka pa msika wa Buseko kufupi ndi Matero. Mwini apangane ndi mmisiri mtengo wa nchito yonse poyamba, alembe pa pepala, ndipo apereke ndalama pang'ono pang'ono monga nchito ikupita. Auzenso wowocherera kuti amasule batire asanayambe, ndi kuti asayandikize moto ku thanki ya mafuta.

Mdani wamkuru wa womanga ndi kulemera. Vani ya mtundu uwu inapangidwa kuti inyamule pafupifupi tani imodzi, ndipo m'kati mwa tani imeneyo muli bedi, makabati, madzi, cakudya ndi katundu yense. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, motero zigubu zitatu za malita 20 zilingana ndi munthu wamkuru. Mukwa ndi mtengo wokongola, koma malo ace ndi m'nyumba. M'galimoto mufunika matabwa opepuka ndi mapaipi acitsulo ang'ono ang'ono. Zolemera zonse zikhale pansi, pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo. Kusanjika katundu pa denga kucititsa galimoto kupendama pa makona. Kabati iri yonse imangidwe ku thupi la galimoto ndipo zitseko zace zikhale ndi zokowera, cifukwa galimoto ikaima modzidzimutsa, mphika kapena botolo la gasi losamangidwa liuluka monga mwala kulunjika ku mutu wa woyendetsa.

Bedi labwino ndi lopindika, limene usana likhala mpando ndipo kunsi kwace kukhala mosungira katundu. Pakati pa citsulo ca galimoto ndi matabwa a m'kati aikepo zochinga kutentha, pakuti m'mwezi wa October vani yoima padzuwa isanduka ng'anjo, ndipo mu June citsulo cizizira ndi kudontha mame a mpweya wa anthu ogona. Mazenera awiri otseguka, limodzi mbali iyi lina mbali inayo, ndi kabowo ka mpweya pa denga, ndizo zofunika. Ndipo onsewa akhale ndi sefa wochinga udzudzu, makamaka kwa ogona m'cigwa ca Luangwa kumene malungo ali ambiri.

Za magetsi, nyale ndi mafoni zisadye batire loliza injini, kuopa kudzuka m'mawa pakati pa chire galimoto itakana kulira. Pakhale batire laciwiri, lodzazidwa ndi sola ya pa denga kapena ndi injini pamene ikuyenda, ndipo waya ali yense akhale ndi fyuzi pafupi ndi batirelo. Waya wopyola pa citsulo abvekedwe mphira, popeza kugwedezeka kwa pamseu kumadya cikopa cace pang'ono pang'ono mpaka moto ubuka.

CENJEZO LA MBAULA

Pali cinthu cimodzi coposa zonse zimene zanenedwa. Makala oyaka atulutsa mpweya wochedwa carbon monoxide, umene ulibe pfungo kapena maonekedwe. Ukalowa m'magazi ulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amva mutu ndi tulo, ndipo sadzukanso. M'miyezi yozizira mabanja amafa motere m'zipinda zotsekedwa, ndipo vani ndi yaing'ono kuposa cipinda ciri conse ca m'komboni. Cifukwa cace mbaula isalowe m'galimoto ngakhale makala aoneke ngati azima, ndipo injini isasiyidwe ikulira anthu ali m'tulo. Kuphika kucitikire panja. Wofuna kunyamula botolo la gasi aliimike m'bokosi lace lokhala ndi bowo pansi, cifukwa gasi alemera kuposa mpweya ndipo akadontha atsikira pansi. Ndipo alitseke nthawi zonse asanagone.

Pomaliza, wanzeru sathira penshoni yonse m'galimoto. Asunge gawo lina la matayala, laisensi, inshuwalansi ndi matenda a injini amene sacenjeza pobwera. Ndipo vani ikatha kukonzedwa, ulendo woyamba usakhale wa ku Chipata ai. Banja lipite kufupi, monga ku Chongwe kapena ku Kafue, ligone usiku umodzi, lione cimene cikugwedera, cimene cikusowa ndi cimene cangolemetsa galimoto cabe. Zimene zapezeka pa ulendo waufupi zikonzedwa ndi mmisiri wa pafupi ndi kwao, ndipo pambuyo pace ulendo wa kumudzi udzayendeka ndi mtima wokhazikika.