Kusintha Zam'kati mwa Zida Zodula Zoimbira Nyimbo

Ambiri amadabwa akamva kuti munthu wagula chida chodula choimbira nyimbo, kenako n'kuchitumiza kwa mmisiri wosakhala wa kampani imene inachipanga kuti akasinthe zam'kati mwake. Chifukwa chake n'chakuti fakitale imapanga zida zambirimbiri pa mtengo woikiratu, motero imaika tizipangizo totchipirapo pamalo amene ogula saona, makamaka makapasita, amene amasunga magetsi kwa kanthawi n'kuwatulutsa mosadukiza monga mmene thanki imachitira ndi madzi a m'mipope. Kampani ya ModWright ya ku America inatchuka posintha makina a Sony ndi Oppo oimbira madisiki, ndipo inkaikamo mavavu, omwe ndi timababu tagalasi tokulitsa mawu, pamodzi ndi bokosi lapadera lopereka magetsi.

Chovuta kwenikweni ndicho kuweruza zotsatira zake, pakuti chidacho chimabwerera patapita masabata, khutu litaiwala kale mmene chinkamvekera, ndipo munthu amene walipira ndalama zambiri amafunitsitsa kumva kusintha. Lonjezo la fakitale lokonza chida chikawonongeka nalonso kawirikawiri limatha chidacho chikangosinthidwa. Choncho mwini chida ayenera kuyamba wamvetsera chosinthidwa pambali pa chosasinthidwa, mawu atakwezedwa mofanana, asanatumize chake.