Mdima wa pa fotokope

Ndikamakonza kamagazini kanga ka nkhani zoopsa, kofufuza mphekesera za ziwembu zobisika, ndimayamba ndi mitundu: wakuda ndi woyera basi. Makina a fotokope amawononga zotuwa, koma zakuda amazitulutsa zili bii! Chithunzi ndimachikopa kasanu, kopi pa kopi, mpaka maso atatsala maenje okhaokha. Zilembo za mitu ndimadula m'nyuzipepala zakale n'kumata mokhotakhota. Pepala la A4 ndikalipinda pakati, masamba anayi apezeka.

Tsamba la anamapopa ndilo limandigoneka mochedwa. Mphekeserazi zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo mu 2017. Apa nkhope ya munthu sindiikapo. Ndimajambula zenera lotsegula, koloboyi akuzima, ndi mthunzi wa nthochi pakhoma.