Zimene mafakitale a ndege za nkhondo anaphunzira pa aluminiyamu

KAFUE – M'nyumba zambiri za ku Nangongwe m'tauni ya Kafue, poto amene amakhala pa mbaula masana alionse sanachokere ku fakitale. Anapangidwa ndi mmisiri wa m'komboni amene anasungunula zitsulo zakutha za aluminiyamu, monga mapisitoni a galimoto ndi mapoto obooka, n'kuzithira m'chikombole cha mchenga.

Luso limeneli ndi lomwe mafakitale a ndege ankadalira pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kuyambira m'chaka cha 1939 kufikira 1945. Kusiyana kwake kuli pa zinthu ziwiri zimene maso sangaone, ndizo zimene zasakanizidwa m'chitsulocho ndiponso mmene chatenthedwera chitatuluka kale m'chikombole.

Aluminiyamu payekha ndi chitsulo chopepuka koma chofewa. Amasungunuka pa madigiri 660, kutentha kumene moto wa malasha wopemereredwa bwino umafikako, pamene chitsulo wamba chimene fakitale ya Kafue Steel imasungunula ndi magetsi chimafuna madigiri oposa 1,500. Kufewa kwakeko ndiko kunachititsa kuti poyamba asadaliridwe pa ntchito zolemera.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1906 pamene katswiri wa ku Germany, a Alfred Wilm, anasakaniza aluminiyamu ndi mkuwa wochepa, pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse, pamodzi ndi maginiziyamu pang'ono. Iwo anatenthetsa chitsulocho kufika pafupifupi madigiri 500, n'kuchiviika msangamsanga m'madzi ozizira. Atachiyeza nthawi yomweyo anapeza kuti sichinalimbe kwenikweni. Koma atachiyezanso patapita masiku awiri, chili chikhalire pamalo amodzi osakhudzidwa ndi munthu, anadabwa kupeza kuti chalimba chokha. Chitsulo chimenechi chinatchedwa duralumin ndipo chinayamba kupangidwa m'tauni ya Düren m'chaka cha 1909.

Chifukwa chake chinafotokozedwa ndi akatswiri a ku America m'chaka cha 1919. Chitsulo chikatentha, mkuwa umamwazikana mkati mwa aluminiyamu ngati mmene shuga amasungunukira mu tiyi wotentha. Chikaviikidwa m'madzi mwadzidzidzi, mkuwawo umasowa mpata wotulukira ndipo umatsekeredwa pomwe uli. Kenaka pang'onopang'ono umayamba kusonkhana m'timagulu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo timagulu timeneti ndi timene timaletsa chitsulo kupindika. Mitundu ina imalimba yokha pa masiku anayi kapena asanu. Ina imafunika kuibwezera mu uvuni pa madigiri a pakati pa 150 ndi 200 kwa maola angapo.

Pa nthawi ya nkhondo, ntchito yotenthetsayi ndiyo inkavuta kwambiri. Uvuni ukapitirira muyeso ndi madigiri ochepa chabe, chitsulo chinkayamba kusungunuka mkati ndipo chinkatayidwa ngakhale kunja chikuoneka bwino. Wantchito akachedwa kuchiviika m'madzi, mphamvu yake inkachepa. Misomali ina yolumikizira mapiko a ndege, yotchedwa maliveti, inkasungidwa m'mafiriji ikangoviikidwa, popeza kuzizira kumachedwetsa kulimba. Inkatulutsidwa pa nthawi yokhomera yokha, isanaume mokwanira kung'aluka pansi pa nyundo.

Kuthira m'chikombole nakonso kunali ndi misampha yake. Aluminiyamu wosungunuka amamwa mpweya wa haidrojeni wochokera ku chinyezi, ndipo akamazizira mpweyawo umasiya timaenje mkati. Pa poto, kabowo kotere kamangochititsa kuti msuzi udonthe. Pa injini ya ndege imene ili m'mwamba, kankatanthauza imfa ya woyendetsa. N'chifukwa chake mafakitale ankaunika zipangizo zofunika kwambiri ndi makina a X-ray. Injini ya Merlin ya kampani ya Rolls-Royce, imene inkayendetsa ndege za Spitfire, Hurricane ndi Lancaster, inali ndi thupi la aluminiyamu wothiridwa m'zikombole. Mainjini oposa 100,000 a mtundu umenewu anapangidwa ku Derby, Crewe, Glasgow ndi Manchester m'dziko la Britain, ndiponso ku Detroit m'dziko la America, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito anali amayi amene anali asanalowepo m'fakitale nkhondo isanayambe.

Mu July 1940 nduna yoona za kapangidwe ka ndege ku Britain, a Lord Beaverbrook, anapempha amayi a m'dzikomo kuti apereke mapoto ndi masefuliya awo kuti apangire ndege. Amayi anamvera ndipo milu ya ziwiya inaunjikidwa m'matauni. Komabe olemba mbiri ambiri akuti ziwiyazo zinathandiza pang'ono chabe, popeza aluminiyamu wa poto sanali wa mtundu wofunika pa ndege. Zimene zinathandiza kwambiri ndi zigoba za ndege zakugwa, za Britain ndi za Germany zomwe, zimene zinkasonkhanitsidwa ku Cowley mu mzinda wa Oxford n'kusungunulidwanso, pakuti akatswiri ankadziwa zimene zinali m'kati mwake.

Dziko la Zambia, limene nthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia, silinapange ndege, koma linali gwero lalikulu la mkuwa wa Britain. Boma la Britain linkagula mkuwa wa ku migodi ya Roan Antelope, Nkana, Mufulira ndi Nchanga, ndipo wambiri unkapita ku zipolopolo ndi mawaya. Sitima zonyamula mkuwawo zinkadutsa pa mlatho wa njanji wa ku Kafue, umene unamangidwa m'chaka cha 1906, chaka chomwe a Wilm anatulukira chinsinsi chawo. Mtengo wa mkuwawo unalipiridwanso ndi magazi. Mu April 1940 asilikali anawombera anthu akuda ogwira ntchito pa mgodi wa Nkana amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo anthu 17 anafa.

Kufikira lero Zambia alibe fakitale yoyenga aluminiyamu kuchokera ku miyala. Miyala yake, yotchedwa bauxite, inapezeka pa phiri la Mulanje ku Malawi m'chaka cha 1924 koma sinakumbidwe. Kuyenga kumadya magetsi ochuluka zedi, pamene kusungunula aluminiyamu wakale kumangofuna magawo 5 pa 100 a mphamvu imeneyo. Ichi ndicho chimapatsa amisiri a m'makomboni mwayi wa malonda, ndipo amisiri odziwa ntchito amakonda mapisitoni chifukwa ali ndi silikoni wambiri, amene amachititsa chitsulo kuyenderera bwino m'chikombole.

Poto safunika kutenthedwanso ngati chipangizo cha ndege. Koma funso la zimene zalowa m'ng'anjo, limene linkasautsa mafakitale a nkhondo, likukhudza wogula wa lero m'njira ina. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2014 pa mapoto a ku Cameroon, ndi wina wa m'chaka cha 2017 pa mapoto a m'maiko khumi, anasonyeza kuti ena mwa mapoto opangidwa ndi zitsulo zakutha amatulutsa mtovu m'chakudya, makamaka chakudya chowawasa. Mtovuwo umalowa pamene mmisiri wasakanizamo zinthu monga marediyeta akale, zotsalira za mabatire kapena zipangizo zolumikizidwa ndi soda. Bungwe la World Health Organization linanena kuti palibe muyeso wa mtovu umene ungatchedwe wosavulaza, ndipo ana ndiwo amapwetekedwa kwambiri pa ubongo. Anthu a m'dziko muno sakufunika kuuzidwa zambiri pa nkhaniyi, popeza akudziwa zimene mtovu unasiya ku Kabwe mgodi utatsekedwa m'chaka cha 1994. Wogula ali ndi ufulu wofunsa mmisiri zimene anasungunula, ndipo ndiwo za matimati kapena thobwa siziyenera kugonera m'poto wotere.

Phunziro la a Wilm likukhudzanso oyendetsa galimoto pa msewu waukulu wa Lusaka kupita ku Livingstone, umene umadutsa mu Kafue. Malimu ambiri a aluminiyamu a magalimoto amakono amathiridwa m'zikombole, kenaka amatenthedwa, kuviikidwa m'madzi ndi kubwezeredwa mu uvuni monga zinkachitikira ndi zipangizo za ndege. Limu likapindika pa dzenje la mumsewu, ena amaliwotcha ndi moto wa gasi kuti aliwongole. Motowo umakulitsa timagulu tija tolimbitsa chitsulo mpaka titasiya kugwira ntchito, ndipo malo owotchedwawo amafewa. Limulo limabwerera pa galimoto likuoneka lowongoka, koma pamalo amenewo limatha kung'aluka pa dzenje lotsatira.