Kugula Njinga Yamoto Yakale: Mverani Injini

Alimi ambiri a ku Etatara akagulitsa fodya, thonje kapena soya amafuna kugula njinga yamoto. Yatsopano ndi yodula, choncho ambiri amagula imene wina anakwerapo kale. Ndalamazo ndi thukuta la chaka chathunthu. Tisazitaye pa njinga yakufa.

Anthu ena amakonda njinga ya chishalo chotsika ndi chachikulu, yonga Suzuki GN125. Njinga yotere satopa nayo munthu pa msewu wa tala wochoka ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka ku Lichinga. Koma pa njira zamiyala injini yake imagunda pansi msanga. Choncho suzumirani kunsi, muone ngati sinasweke.

Utoto wowala usakunyengeni. Moyo wa njinga uli mu injini.

1. Pitani m'mawa. Gwirani injini ndi dzanja, ikhale yozizira. Injini yotentha imabisa matenda ake.

2. Ilizeni nokha. Injini yabwino imalira mukaponda kiki kamodzi, kawiri kapena katatu. Ikalira, isiyeni. Ilire mofatsa, mosadumphadumpha ndiponso osazima yokha. Mukamva kugogoda kwa zitsulo m'kati, dziwani kuti zadyeka.

3. Yang'anani utsi. Utsi wobiriwira ngati thambo ukutanthauza kuti injini ikutentha oilo. Kukonza kwake kumafuna ndalama zambiri. Utsi wakuda ukutanthauza kuti ikumwa petulo wambiri. Nthunzi yoyera ya m'mawa imene imatha msanga si vuto.

4. Zimitsani injini, muone oilo. Akakhala ndi tizitsulo tonyezimira, injini ikudyeka. Akayera ngati mkaka, mwalowa madzi. Ogulitsa ena amathira oilo wolimba kwambiri kuti phokoso lisamveke. Chenjerani.

5. Masulani pulagi. Yabwino imakhala youma, yofiirira kunsonga. Yakuda ndi yonyowa ndi oilo ndi chizindikiro choipa.

6. Ikwereni. Lowetsani magiya onse. Kwerani chitunda mutanyamula mnzanu. Yesani mabuleki akutsogolo ndi akumbuyo. Onaninso tcheni ndi mano a gudumu lake: mano osongoka ngati minga ndi otha.

Ngati simudziwa za injini, tengani makaniko amene mumamukhulupirira. Kumulipira mametikali pang'ono n'kwabwino kuposa kulira pambuyo pake. Mufunseninso ngati zitsulo za njingayo zimapezeka m'masitolo a ku Cuamba kapena ku Mandimba. Njinga yosowa zitsulo imangokhala pakhonde.

Pomaliza, onani mapepala. Apa ndi pamene kuwerenga kumatithandiza. Pa injini ndi pa chitsulo cha pansi pa chiwongolero pali manambala. Awerengeni limodzilimodzi, muwafanizire ndi amene alembedwa mu livrete. Akasiyana kapena akafufutidwa, musagule, njingayo ingakhale yakuba. Ngati inachokera ku Malawi kudzera pa chipata cha Chiponde ndi Mandimba, funsani mapepala a kasitomu. Lemberanani kalata ya malonda pamaso pa mboni, ndipo nonse musaine.

MAFUNSO
1. Chifukwa chiyani tiyenera kuyesa injini ili yozizira?
2. Kodi utsi wobiriwira ukutiuza chiyani?
3. Lembani malo awiri pamene pamapezeka manambala a njinga yamoto.